Reino Ankati Akungothawa Pakhomo

Reino Lahti ali ndi zaka 77. Anagwira ntchito zaka makumi anayi m'fakitale ya mapepala, kenako zaka khumi m'sitolo ya hadiweya ya m'tauni yathu kuno kumpoto kwa Michigan. Ali ndi mkazi, a Marlys, ndi mwana mmodzi amene anakwatiwa ku Arizona. Amakhala m'nyumba imene anamanga bambo ake, kuseri kwa tchalitchi. Ine ndine Vern. Tinalowa sukulu limodzi, tinalowa fakitale limodzi, ndipo m'sitolomo ndimasakaniza penti mpaka lero.

Fakitale itatsekedwa, penshoni imene anatilonjeza inabwera yodulidwa pakati. Ena anasamuka. Ena anamwa mowa mpaka unawatenga. Otsalafe tinakavala maepuloni ofiira a m'sitolo, n'kumalamulidwa ndi ana a msinkhu wa adzukulu athu. Palibe anadandaula poyera. Kuno sitidandaula poyera.

Reino anachedwa kukwatira. Iye anali ndi zaka 38, a Marlys 26, ndipo a Marlyswo ankagulitsa khofi ku kantini ya fakitale. Pa ukwati tinamunena.

"Iwe Reino, wakwatira mkazi kapena walemba namwino?"

"Zonse ziwiri," anatero, "pa mtengo umodzi."

Tonse tinkadziwa kuti a Marlys ndiwo adzamusamale akadzakalamba. Zinatembenuka. A Marlys atakwanitsa zaka 63 anawapeza ndi khansa ya m'mawere.

Inshuwalansi ya boma ya okalamba imayamba munthu akafika zaka 65. Reino anali nayo kalekale. A Marlys anali asanafike, ndipo ntchito yawo yokolopa m'nyumba za anthu obwera kutchuthi inalibe inshuwalansi ayi. Chimene chinkalipira chipatala chawo chinali ntchito ya Reino, ndipo sitolo imapereka inshuwalansi kwa yekhayo amene amagwira maola makumi atatu pa sabata kapena kuposa. Ukatsika pamenepo, wagwa, ndi mkazi wako yemwe. Reino ankayenera kugwiritsitsa maolawo mpaka Epulo wapitayu, mwezi umene a Marlys ankakwanitsa 65. Nkhani yonse ndi imeneyo.

M'sitolomo ndinkaidziwa ndine ndekha. Anthu a m'tauni ankadziwa kuti a Marlys sakupeza bwino, chifukwa anasiya kuimba kwaya ndipo ankavala chipewa choluka ngakhale nthawi yotentha. Koma ukafunsa Reino ankangoti, "Akupezako bwino," n'kukufunsa ngati ukufuna misomali yaitali kapena yaifupi.

Chimene ankaopa ndikuchidziwa. Kuno munthu akadwala matenda odula, anthu amatenga botolo lalikulu, amamata chithunzi cha wodwalayo, n'kuliika pa kauntala pafupi ndi maswiti kuti ogula aziponyamo chenji. Kenako amayi a kutchalitchi amaphika supageti mu holo, anthu amalipira pakhomo, wodwalayo amakhala pampando kutsogolo, aliyense n'kumamugwira paphewa. Ndi mwambo wabwino. Reino sanaphonyepo chakudya chotere, ndipo ankaponya ndalama ya pepala m'botolo lililonse. Koma anandiuza kamodzi, tikuwotha nthunzi m'kanyumba kake kosambira, kuti, "Mkazi wanga sadzakhala pa botolo." Sanabwerezenso.

Ndiye anali ndi yankho lake la tsiku lililonse. Ogula akamuona akudula makiyi ankati, "Aa, a Reino, mukadali pano? Simupuma?"

"Ndikapuma ndifa," ankatero. "Komanso kunyumba sandifuna. Akuti ndimawapinga kukhitchini. Ine pano ndikungothawa pakhomo."

Anthu ankaseka, n'kumapita akuuzana kuti mdala uja ndi chitsulo. Tonse okalamba a m'sitolomo tili ndi yankho lotere. Langa ndi loti ndimakonda fungo la penti.

Woyang'anira sitolo anali Kendra, mayi wa zaka za m'ma makumi atatu amene kampani inamutumiza kuchokera kumwera. Sanali woipa. Ankakumbukira tsiku lobadwa la aliyense. Mu Okutobala, Reino akukwanitsa 76, Kendra anagula keke yolembedwa dzina, anaitana ndi mtolankhani wa kanyuzipepala kathu kotuluka Lachinayi. Anamujambula Reino atagwira mpeni wa keke. Mtolankhani anamufunsa chinsinsi chogwira ntchito pa msinkhu umenewo.

"Ndalama si nkhani kwenikweni," anatero Reino. "Ndimabwera kudzacheza."

Analemba momwemo. Kendra anadula nkhaniyo n'kuimata pachitseko cha sitolo.

Novembala atafika, kulikulu la kampani analamula kuti maola achepetsedwe m'sitolo zonse chifukwa malonda amagwa nthawi yozizira. Kendra ankayenera kusankha womuchotsera. Pa matilu olipirira panali amayi awiri olera okha ana, mmodzi wa iwo Tasha. Anaganiza monga akanaganizira munthu aliyense woganiza bwino. Anabwera kumene Reino ankapanga makiyi, pafupi ndi kauntala yanga, akumwetulira ngati wanyamula mphatso.

"A Reino, ndakupezerani mpumulo. Kuyambira mwezi wa mawa muzibwera masiku atatu okha, m'mawa basi. Mukasake agwape, mukhaleko ndi a Marlys."

Reino anazimitsa makina. "Masiku atatu."

"Eya. Ndinafunika kuchotsera wina, ndiye ndinati Tasha ali ndi ana atatu, pomwe inu munanena nokha kuti mumabwera kudzacheza. Kucheza mudzachezabe, musaope."

"Zikomo, bwana," anatero. Ankamutchula bwana mwanthabwala, Kendra n'kumaseka. Tsiku limenelonso anaseka, n'kumusisita pamkono.

Masana tinakadyera m'galimoto yake, monga mwa masiku onse, zitumbuwa za nyama ndi mbatata zimene a Marlys ankamukulungira m'nyuzipepala. Iye chake sanachimasule.

"Pita ukamuuze," ndinatero.

"Ndikamuuze chiyani?"

"Usandipusitse iwe. Ukamuuze kuti mkazi wako ali ndi khansa ndipo maolawo ndiwo mankhwala ake."

"Ndiye achotsere Tasha?"

"Zimenezo aziona yekha. Ndi ntchito yake."

"Ndikanena lero, mawa botolo lili pa kauntala. Ukumudziwa mtsikana uja. Keke yokha anaitanira nyuzipepala."

"Ukapanda kunena iwe ndikanena ndine."

Anandiyang'ana. "Ukatero, usadzabwere pa maliro anga."

"Akubwera ndani? Tonse otsala misana inatha. Adzakunyamula pa foloko, makina aja okwezera katundu kusitolo."

"Bola foloko. Siilankhula."

Maola anga sakanamuthandiza, chifukwa ine ndinali kale wa masiku atatu. Ndipo sindinakanene. Matenda a mkazi wa munthu amanenedwa ndi mwini wake.

Kutacha analowa mu ofesi ya Kendra. Ndinkamuona pagalasi, ataima, chipewa chili m'manja. Ndinati basi, mdala wagonja. Anakhalamo nthawi ndithu. Atatuluka anabwera kwa ine.

"Zatheka. Maola onse."

"Wamuuza?"

"Ndatenga kubwalo."

Kubwalo ndi kuseri kwa sitolo, kumene kumakhala matabwa, simenti, masilinda a gasi, matumba a nkhuni zogaya ndi matumba a mchere wosungunulira ayezi pakhomo. Amene ankagwira kumeneko anali atangosiya ntchito, ndipo malowo anali a maola okwanira chifukwa palibe amawafuna nthawi ya chipale chofewa. Kendra anandiuza yekha pambuyo pake mmene zinayendera. Anamukaniza kawiri. Anati kunja kuja si kwa munthu wa msinkhu wanu. Reino anati m'sitolo mumatentha kwambiri, amawodzera, akufuna kamphepo, ndipo masiku atatu okha angamupengetse. Kendra anapukusa mutu, n'kunena kuti anthu a kumpoto kuno sawamvetsa, n'kumupatsa.

Chaka chimenecho chipale chinayamba molawirira ndipo sichinaleke. Chinkabwera chopingasa kuchokera kunyanja, n'kudzaza bwalo usiku uliwonse, moti ntchito yoyamba m'mawa inali kufukula katundu ndi fosholo. Thumba la mchere ndi lolemera ngati mwana wa sitandade wani, ndipo munthu sagula limodzi. Amagula asanu, khumi. Galimoto inkabwerera chambuyo mpaka pa mulu, Reino n'kumakweza. Ambiri ankakhala m'galimoto injini ikulira, maso pa foni. Ena akaona imvi pansi pa chipewa ankachita manyazi n'kutsegula chitseko.

"Khalani, khalani," ankatero Reino. "Ena amalipira kuti akanyamule zitsulo. Ine akundilipira."

Pofika Khirisimasi zala zake zinali zitang'ambika m'mfundo monse, moti magolovesi ankamatirira magazi. Anasiya kudya masana, ankangogona m'galimoto atatsamira chiwongolero, ine n'kumudzutsa nthawi ikakwana. Tsiku lake lopuma linali lopita ndi a Marlys kuchipatala chachikulu, ulendo wautali pamsewu woterera, kukawadikirira akulandira mankhwala a m'mitsempha, n'kubwerera nawo akusanza m'chidebe. Kutacha, kubwalo.

Lamlungu lina mu Januwale ndinapita kukawagwetsera chipale cha padenga. Nditamaliza ndinalowa kukhitchini. A Marlys anali atakhala patebulo, manja a Reino ali m'manja mwawo, akuwapaka mafuta aja odzoza mabere a ng'ombe. Anali ataonda, nsidze zitatha.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "bambo awa akuti kubwalo anachita kupempha okha chifukwa amakonda mphepo. N'zoona?"

"Kupempha anapemphadi."

"Zokonda mphepozo?"

Ndinayang'ana Reino.

"Ndinadziwa," anatero. "Zitsiru ziwiri. Inu Reino, mawa ndimuimbira foni Kendra uja."

"Muimbireni," anatero Reino. "Musankhiretu chithunzi cha pa botolo. Chija cha pa ukwati wa mwana munaoneka bwino, tsitsi lonse lilipo."

A Marlys anasiya kupaka. Anayang'ana pawindo kanthawi. Anali atafufuza kale inshuwalansi zina zogula wekha, ndipo zimene akanakwanitsa sizinkalandiridwa ndi dokotala wawo kapena chipatala chawo. Zikanafuna kuyambiranso kwina, mankhwala ali pakati.

"Supageti wa mayi Koskela a kutchalitchi aja," anatero pomaliza, "ngakhale galu sangamudye." Anatenga dzanja linalo n'kuyamba kulipaka. "Valani magolovesi awiri. Mukumva?"

"Ndamva, bwana."

"Bwana wanu ali kusitolo. Ine ndine namwino."

Foniyo sanaimbe. Mwana wawo wa ku Arizona sanamuuzenso za kubwalo. Iyeyo ankadziwa zoti bambo ake amakonda ntchito.

Reino anagwa kumayambiriro kwa Febuluwale, m'mawa. Usiku kunagwa mvula yowaza n'kuundana, kenako chipale chatsopano chinaphimba pamwamba. Ankakwezera mchere mayi wina, thumba lili paphewa, phazi linachoka. Ine ndinangomva hutala ikulira osaleka. Nditatuluka ndinamupeza chagada pakati pa galimoto ndi mulu, thumba litaphulika pambali pake, mwendo wamanzere utatembenukira kunja mmene mwendo sutembenukira. Nkhope inali yotuwa ngati phulusa.

Kendra anafika akuthamanga, foni ili kukhutu.

"Musaitane ambulansi," anatero Reino. "Vern, bweretsa galimoto yanga. Ndigonekeni kumbuyo."

"Mwavulalira pantchito, a Reino," anatero Kendra. "Ilipira ndi kampani."

"Kampani? Ndiye itanani yabwino. Ya magetsi ambiri."

Tinamufunditsa majekete athu. Kumusuntha sitikanatha. Mayi wa galimoto uja ankangolira, akuti akanatsika, akanatsika. Chipale chinkagwera Reino kumaso, ine n'kumachipukuta ndi chipewa. Mano ake ankagundana. Kenako anandikoka epuloni kuti ndiwerame.

"Vern. Lamulo lija la wodwala. Amakusungira ntchito miyezi itatu, eti?"

"Eya."

"Ndi inshuwalansi yomwe? Ya banja lonse?"

Kendra anali atagwada mbali inayo. "Zonse zimakhala momwemo," anatero. "Musaganize zimenezo panopa."

Reino anatulutsa dzanja pansi pa jekete. Anapinda zala zong'ambika zija chimodzichimodzi, milomo ikuyenda. Malichi. Epulo. Chala chachitatu anachipinda pang'onopang'ono, n'kuchiyang'ana.

"Zakwana," anatero. Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka ululu unamudula.

"Zakwana chiyani?" anafunsa Kendra.

"Palibe, bwana. Mayiwa mcherewu alipira kale. Wina awakwezere."

Linali fupa la m'chiuno. Anamuchita opaleshoni ku chipatala chomwe chija cha a Marlys. Kendra anapita kukamuona Loweruka atanyamula maluwa, n'kupeza a Marlys atakhala pambali pa bedi, chipewa atavula chifukwa cha kutentha kwa m'chipindamo, ndi kachubu ka mankhwala kakuonekera pansi pa khosi. Sanafunikire womuuza. Lolemba anabwera pa kauntala yanga maso atatupa.

"A Vern, inu mumadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji sanandiuze? Ndikanawasiyira maola awo. Pa makiyi pomwe paja, m'kati mofunda. Zikanangotenga mphindi imodzi."

"Akudziwa."

"Ndiye chifukwa chiyani?"

"Mukufuna penti?" ndinatero.

Tsiku lomwelo madzulo botolo linali pa kauntala. Kendra anatenga chithunzi chija cha m'nyuzipepala pachitseko, cha Reino atagwira mpeni wa keke, n'kuchimata pa botolo. Amayi a kutchalitchi anaika tsiku la supageti. Ndinati Reino ndikamuuze ndekha asanamve kwa ena. Ndinamupeza atagona, akuyang'ana kudenga.

"Botolo laikidwa," ndinatero.

Anatseka maso.

"Chithunzi cha ndani?"

"Chako."

"Marlys mulibe?"

"Mulibe. Uli wekha ndi keke."

"Basi, lisiyeni," anatero.

Ku supageti sanapite. Anali asanayambe kuyenda. Anthu anadya, anadutsa pa mpando wopanda munthu, ndipo a Marlys anathokoza pa maikolofoni ndi mawu ochepa, chipewa chili kumutu.

Epulo anakwana. A Marlys analowa mu inshuwalansi ya boma mankhwala asanadukizepo ngakhale kamodzi, ndipo mu Julaye dokotala anati chotupa sichikuonekanso. Miyezi itatu ija itatha, malo a Reino anapatsidwa kwa wina. Mwendo sunabwerere. Amayenda ndi chitsulo cha miyendo inayi, kuchoka pa bedi kufika pa tebulo, kuchoka pa tebulo kufika pawindo. Bedi lake analitsitsira pabalaza chifukwa masitepe sakwera. Galimoto anagulitsa. M'kanyumba ka nthunzi muja tsopano amasungamo nkhuni. Zimene kampani inamupatsa chifukwa chovulala, ndi za m'botolo, zinathera pa njira yotsetsereka ya pakhomo ndi zogwirira za kubafa.

Malipiro ake atasiya kubwera, penshoni yodulidwa ija sinakwane mafuta otenthetsera nyumba ndi chakudya. Mu Seputembala a Marlys anapita kwa Kendra kukafunsa ntchito. Anawapatsa tilu yachiwiri. Amaima tsiku lonse, chifukwa pa tilu sakhala pansi. Tsitsi linamera, loyera, lalifupi. Ogula akamati, "Aa, a Marlys, mwadwala chonchija, osakapuma bwanji?" iwo amati Reino amawapinga kukhitchini, ndiye akungothawa pakhomo. Anthu amaseka.

M'sitolomo tsopano tilimo asanu opitirira zaka 65. A Marlys ndiwo aang'ono.